Mbale ya Mayi Aang'ono

Ndinataya mkazi wanga, Elube, wa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ndinataya mawu ake a m'kwaya, amene anatha iye asanathe. Ndinataya munthu amene ankandiseka ndikamayesa kulankhula Chilomwe. Ndinataya manja amene ankasenda nandolo osayang'ana m'lichero. Zina ndikuzizindikirabe pang'onopang'ono, tsiku lililonse chimodzi.

Tsiku loika maliro ndinadzuka kusanayere. Sindinagone kwenikweni, ndinangotsamira khoma la khitchini nditavala jekete. Unali mwezi wa Julaye ndipo kunagwa chiperoni. Kamvula kowaza kankabwera ndi mphepo kuchokera kuphiri, phirilo osaoneka. Amuna anali atazungulira moto wa zitsa, ena atagona chokhala, mabulangete mpaka kumutu. M'nyumba ya siwa amayi anali akuimbabe, koma motsitsa, mawu atasasa. Anachezera usiku wonse osalola nyimbo kuduka. Wina akatopa, wina ankailandira.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Ndinabwera ku Phalombe kudzaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina, ndinakwatira kuno, n'kumanga nyumba pamalo a apongozi anga kufupi ndi Nkhulambe. Ndine mkamwini. Pamaliro a mkazi wake mkamwini amakhala pansi n'kumalandira manja a opepesa. Salankhula. Wolankhula ndi amalume, mwini mbumba, amene amaimirira bokosi lisananyamuke n'kufotokozera anthu mmene matenda anayendera. Kawirikawiri mawu ake amakhala ochepa: mwana wathu anadwala nthawi yaitali, tinayesa kuchipatala, Mulungu wamutenga. Dzina la matenda silitchulidwa.

M'mawa umenewo ndinkafuna kuti litchulidwe, ndipo chifukwa chake chinali munthu wamoyo.

Elube anali ndi mayi ake aang'ono, mng'ono wawo wa apongozi anga, amene amakhala okha m'nyumba ya udzu kuseri kwa yathu. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo mwana sanakhalepo naye. Amadziwika ndi kalongonda, nyemba zija zimene zimafuna kuwira tsiku lonse ndi kutayidwa madzi kangapo, apo ayi zimazunguza mutu. Chaka chatha anaphika kalongonda n'kutiitana. Tinadyera panja, anthu angapo ali pomwepo. Elube atameza kawiri katatu anasiya, anagwira pachifuwa n'kunena kuti chaima apa. Anamwera madzi, koma zonse zinabwerera.

Zoona zake n'zakuti vutolo linayamba kale. Kwa miyezi ndinkamuona akutafuna nthawi yaitali, akukankhira nyama kumbali yanga ya mbale. Ndinkati ndi chilungulira. Koma anthu anakumbukira tsiku la kalongonda lokha. Elube atayamba kuwonda, mphekesera zinamera: mayi aang'ono anaikamo kanthu, anam'tseka kummero chifukwa cha nsanje. Apongozi anga anasiya kulankhula ndi mng'ono wawo. Ana analetsedwa kulandira ngakhale nthochi kuchokera m'manja mwawo. Ndipo usiku wa siwa ndinamva amuna ena pamoto akunena motsitsa kuti pochokera kumanda akaonana ndi mayi aang'onowo. Kuno mawu amenewa si ocheza. Nyumba ya udzu siichedwa kupsa.

Tinali titazungulira ndi matendawa. Poyamba kuchipatala anatipatsa mankhwala a zilonda za m'mimba, tinabwerera, anatipatsanso. Pamene tinkafika ku Blantyre n'kuti Elube akungomwa phala lamadzimadzi. Kumeneko anam'lowetsa kakamera kukhosi ndipo anatiuza dzina: khansa ya kummero. Inali itapita patali. Anamuika kapaipi koti chakudya chizidutsa, ndipo kwa miyezi iwiri anadyanso mbatata yophwanya n'kumaseka. Kenako kapaipiko kanasiya kuthandiza.

Dokotala amene anatiuza anali wachikulire wodekha. Anati kunja kumene anakaphunzira, matendawa ankawaona mwa apo ndi apo, makamaka kwa madoda osuta ndi omwa kwambiri. Kuno amawaona sabata iliyonse, ngakhale kwa amayi achichepere amene sanalawepo mowa kapena fodya. Chifukwa chenicheni akuchifufuzabe. Ena amakayikira utsi wa nkhuni, ena zakumwa zotentha kwambiri, ena kadyedwe. Ine pokhala munthu wa mapu ndinakafufuza pa foni. Ndinapeza mapu a dziko lonse opakidwa mitundu monga mmene timapakira mapu a mvula. Mzere wakuda unatsika kum'mawa kwa Afirika mpaka kummwera, Malawi ali pakati pa malo odetsetsa. Kumadzulo kwa Afirika kunali koyererako. Ndinawerenganso kuti kumadera ena a ku China, kumene matendawa anali ochuluka, imfa zakhala zikutsika, mwa zina chifukwa anthu amayezedwa asanayambe kutsamwa. Kuno timafika mochedwa. Ndinamuonetsa Elube mapuwo ali gone. Anawayang'ana n'kunena kuti amalume akawaone, ndipo pamaliro ake dzinalo likatchulidwe.

Choncho kutangoyamba kuyera ndinakawafuna. Amalume ake a Elube amakonza njinga ku Chiringa. Ndi munthu wamfupi, wa zikhadabo zakuda ndi girizi, wosakonda kulankhula pagulu. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akusukusula.

"Malume, ndili ndi pempho."

"Akamwini, lero si tsiku lanu lopempha. Lero mungokhala."

"Pempholi ndi la Elube."

Anapukuta manja m'buluku. Ndinawapatsa pepala la kuchipatala, anati ndi Chingerezi chokhachokha, ndiye ndinawamasulira. Kenako ndinawaonetsa mapu aja. Anaigwira foniyo patali ndi maso.

"Ife tili pati?"

Ndinaloza.

"Pakuda kwambiripa?"

"Pomwepo."

Chala chawo chinayenda kupita kumadzulo. "Nanga koyeraku, kulibe mfiti?"

Iwo sanaseke. Anandibwezera foni, pepala lija n'kulipinda kanayi. Anati apongozi anga ndi mayi aang'ono, onse awiri ndi alongo awo. Akanena, wamkulu adzati am'chititsa manyazi pamaliro a mwana wake, chifukwa mudzi wonse ukudziwa amene anayamba kukhulupirira mphekeserazo. Akapanda kunena, wamng'onoyo. Sanamalize. Anaika pepala m'thumba la malaya n'kundiuza kuti ndikakhale pamalo panga. Sanalonjeze kanthu.

Ndinakakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Kuchokera pamenepo ndinaona mudzi ukugwira ntchito imene palibe anauuza. Amayi anali atayala mafuwa kuseri kwa nyumba ya apongozi, moto wokwana khumi kapena kuposa. Nkhuni zinali zonyowa ndipo utsi unkakwawa pansi. Ankaupirira, maso akutuluka misozi, n'kumapemerera ndi zivundikiro za mapoto. Ena ankatsika kuchokera m'munsi mwa phiri ndi mitolo pamutu, zitenje zitamatirira m'miyendo. Ena anapanga mzere wopita kumjigo. Aliyense wobwera anali ndi kanthu: kambale ka ufa, mtolo wa chigwada, nandolo wamuwisi m'kathumba. Anthu amenewa chaka chino sanakolole zambiri. Ndinkadziwa minda yawo.

Pamsewu anali atayala masamba aawisi mbali zonse ziwiri, kusonyeza kuti pali zovuta. Aliyense wa panjinga ankatsika akafika pamasambawo, ngakhale wongodutsa, ngakhale wonyamula matumba a makala, n'kuikankha mpaka kupitirira masamba enawo. Njinga zamoto zinkazimitsidwa. Bambo wina wosam'dziwa, ali ndi mbuzi pakaliyala, anavula chipewa mvula ikum'gwera, n'kudutsa choncho.

Dzuwa silinatuluke, koma pofika nthawi imene likanakhala litakwera, anthu anali atadzaza bwalo mpaka m'munda wa chinangwa. Anabwera a ku Chiringa, a m'midzi ya m'munsi mwa phiri, ndi abale a ku Mozambiki amene ananyamuka usiku wapansi, matope mpaka m'mawondo. Ankapatsana moni m'Chilomwe motsitsa. Anabwera aphunzitsi anzanga ndi ophunzira anga atavala yunifolomu. Anabwera a kwaya. Abale anga a ku Dowa anali atatu okha, ndipo amayi a m'mudzi anawasamala ngati alendo a ukwati. Anthu ankagwada pamaso panga mmodzimmodzi, kundigwira dzanja, kunena pepani, n'kusuntha. Agogo ena anangondikonzera kolala ya jekete.

Mayi aang'ono sanabisale. Ndinkaganiza kuti adzitsekera m'nyumba, koma anatuluka m'mamawa ngati wina aliyense. Pamafuwa a gulu sanawapatse malo, ndiye anasonkha moto wawo pakhomo pawo n'kuphika chinangwa ndi nandolo. Adzukulu, amene amakumba manda, amayamba kulandira chakudya ndi iwo, ndipo nyumba iliyonse ya pachibale imatumiza mbale yake. Mayi aang'ono anaika yawo mu dengu limodzi ndi zinazo, mbale yachitsulo yobiriwira yothetheka m'mphepete. Dengu litabwerera kuchokera kumanda, mbale zonse zinali zopanda kanthu kupatula yobiriwirayo. Inali yodzaza monga inapitira. Anthu anaona. Mayi aang'ono anaitenga, anaivundikira ndi kansalu, anakaiika m'nyumba, n'kunyamula ndowa kupita kumjigo. Ankayenda mowongoka. Madzi amene anatunga anawathira mu diramu ya gulu, ndipo palibe amene akanatha kuwasiyanitsa ndi a ena.

Chakumasana anatiitana kukaona nkhope. Amayi anali atam'veka Elube yunifolomu yake ya kwaya. Inali itam'kulira kwambiri, koma anaipinda kumsana ndi mapini mwaluso moti kutsogolo inkaoneka ngati yosokera thupi limenelo. Anam'manga duku mmene ankamangira yekha, mfundo kumanzere. Sindidziwa amene anakumbukira zimenezo. Ndinaima pang'ono n'kutuluka.

Bokosi analiika pabwalo pa mipando iwiri. Analankhula oimira mfumu, analankhula a mpingo. Kenako anaitana a kubanja. Amalume anaimirira, anavula chipewa, n'kuyamba monga mwa nthawi zonse: kuthokoza mfumu, mpingo, adzukulu, ndi onse obwera. Anati mwana wathu anadwala nthawi yaitali. Anati tinayesa kuchipatala. Anaima. Ndinaweramitsa mutu, poganiza kuti atha.

Ndinamva pepala likufunyululidwa.

"Matendawa ali ndi dzina," anatero. "Ndi khansa ya kummero. Alemba apa. Ine Chingerezi sindiwerenga, koma chidindo ndikuchiona."

Amalume anapitiriza. Anati akamwini awaonetsa mapu, ndipo matendawa sagwa mofanana padziko. Kwina ndi osowa, kuno kwathu ndi ambiri, ndipo madokotala akufufuzabe chifukwa chake. Kenako anasiya za mapu n'kuyamba kutchula zimene anaona ndi maso awo. Mnzawo wina wowotcherera zitsulo ku Chiringa anafa akulephera kumeza madzi. Mayi wina kutsidya kwa mtsinje, zaka zingapo zapitazo, chimodzimodzi. Wachibale wina ku Mozambiki, chimodzimodzi. Akamatchula, mitu inkagwedezeka apa ndi apo, chifukwa anthu ankawadziwa.

"Ndiye ndifunse. Onsewa anadya kalongonda wa mlongo wangayu? Mphika wake ndi waukulu bwanji?"

Kumbuyo wina anaseka mwangozi n'kudzigwira pakamwa. Amalume sanamwetulire. Anayang'ana kumene kunakhala amuna aja a pamoto n'kunena kuti njira yochokera kumanda ndi imodzi, yopita kunyumba kwa aliyense. Anati amene chakudya chikumuima pachifuwa asadikire kuti awonde, apite akaumirire kuti amuone kukhosi. Anati mawuwa si awo, ndi a mwini maliro amene wagona m'bokosimu. Anapinda pepala, anavala chipewa, n'kukhala pansi.

Apongozi anga sanadzutse mutu. Mayi aang'ono anali kumapeto kwenikweni kwa amayi, pafupi ndi diramu ya madzi, manja ali pamiyendo.

Tinanyamuka kamvula katasiya. A kwaya anatsogola, bokosi pambuyo pawo. Amuna ankalandirana osaima: wina ankalowetsa phewa, wina n'kutuluka, bokosi osapendekeka ngakhale pamalo oterera. Njira inadutsa m'minda ya nandolo, ndipo nthambi zonyowa zinkatikwapula m'mapewa. Mitambo inang'ambika pang'ono, mbali imodzi ya phiri n'kuonekera, yakuda ndi madzi, kenako inatsekekanso. A kwaya anaimba nyimbo imene Elube ankaitsogolera. Pamalo pamene mawu ake ankalowera okha, sanaike wina. Anangowerenga nthawi yake chamumtima n'kulowa onse pamodzi.

Tili m'njira bambo wina wamtali anayenda pafupi nane kwa kanthawi. Osandiyang'ana, anafunsa motsitsa kuti kakamera kaja amalowetsera chipatala chiti, chifukwa akazi awo ayamba kumwera madzi nthongo iliyonse. Ndinamuuza, ndipo ndinati abwere mawa ndim'lembere zoti akanene. Anagwedeza mutu n'kubwerera m'gulu.

Manda anali akuya, m'mbali mosalala ngati mwapulasitala. Dothi la kumeneko ndi la miyala, ndipo adzukulu anali atakumba chiyambire mbandakucha, miyala ikuluikulu ataiunjika pambali. Anatsitsa bokosi ndi zingwe mosagunditsa. Ndinaponya dothi langa. Pokwirira ankalandirana makasu mwachangu, osalankhula, mpaka mtumbira unakwera. Tinaika nkhata. Abusa anatseka ndi pemphero. Pobwerera ndinkayang'ana amuna aja. Anayenda pamodzi mpaka pamphambano, anaima pang'ono, kenako anasiyana. Awiri anabwera nafe kunyumba n'kukhala pamoto, nkhope zosawerengeka.

Anthu anasamba m'manja, anadya, n'kuyamba kubalalika. Njinga zinachoka imodziimodzi. Wina anakachotsa masamba pamsewu. Pofika madzulo panatsala achibale okha ndi anansi ochepa: amayi pakhonde la apongozi, amuna pamoto, amalume pakati pawo akukonza tcheni cha njinga ya mlendo wina. Palibe amene anatchula zimene zinanenedwa pabwalo. Ndinkadziwa kuti mawu amva, koma sindinkadziwa ngati afika pamene mphekesera zinafika. Mbale yobiriwira ija inali idakali m'maganizo a aliyense.

Ine ndinali ndisanadye chiyambire dzulo lake. Kunena zoona, kwa miyezi ndinali ndisanadye pamaso pa munthu. Elube atasiya kumeza, ndinkadyera kuseri kwa khitchini choimirira, mofulumira, ngati wakuba. Elube ankadziwa.

Kusanade kwenikweni, mayi aang'ono anatuluka m'nyumba mwawo ndi mbale yobiriwira m'manja. Anali ataitenthetsa. Anadutsa pabwalo anthu onse akuwaona, n'kudzagwada chapatali ndi khomo langa.

"Aphunzitsi, simunadye."

Macheza a pamoto anaduka. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kampando, n'kukaika pakhonde pamene aliyense akanandiona. Ndinasamba m'manja. Ndinalandira mbaleyo ndi manja awiri. Chinangwa chinali chofewa, nandolo atalowerera. Nthongo yoyamba inandivuta, osati chifukwa cha mantha. Ndinaimva ikutsika njira yonse, mosavuta, ndipo ndinaganiza za mtunda waufupi umenewo umene unam'kanika mkazi wanga. Ndinatenga yachiwiri.

Amalume anasiya tcheni, anabwera, anasamba m'manja n'kukhala pansi pambali panga. Ananyema chinangwa, anatafuna, anameza.

"Mchere wachepa," anatero.

"Unatha," anayankha mayi aang'ono. Anali mawu oyamba amene ndinawamva akulankhula kwa wachibale m'miyezi yambiri.

Tinadya awiri. Mmodzi wa amuna aja anadzuka n'kupita kwawo. Winayo anakhalabe, akuyang'ana moto. Kenako kuchokera pakhonde lina, apongozi anga analankhula osatembenuka, mawu atasasa ndi kulira.

"Iwe, mkamwiniyo wam'patsa madzi akumwa? Chinangwa chimatsamwitsa."

Mayi aang'ono anadzuka kukatunga. Atabwera ndi kapu, sanabwerere kunyumba kwawo. Anakakhala kumapeto kwa mkeka wa amayi, ndipo palibe anasuntha.

Amalume anandisiyira chomalizira. Ndinakombeza mbale mpaka pansi n'kuibweza yopanda kanthu.

Kutada ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Amayi anali atasesa, mipando ataibwezera m'malo, koma m'chipinda munkamvekabe fungo la sopo amene anam'sambitsira. Kapu yake yapulasitiki inali pawindo, ndi kasupuni kamene ndinkam'nyowetsera milomo. Panja mphepo inali itatsika. Ndinakhala pabedi, mbali yanga, osayatsa nyali.

Masiku awiri asanamwalire, Elube anandikoka malaya kuti ndiweramire pafupi. Mawu anali atatha, kunatsala mpweya wokha, ndipo ndinachita kuika khutu pakamwa pake. Pambuyo pake sanalankhulenso.

"Mayi aang'ono akadzabwera ndi mbale, musadzakane. Mudzadyere pakhonde, anthu aone. Ndipo mudzamalize, aphunzitsi. Musadzasiye theka ngati mmene mumachitira."